Galimoto yokokera boti la ku Namitete

Anthu a padoko pano amaikamba mokhota nkhani ya boti langa. Ena mpaka amati ndidalikoka ndekha, chingwe chili m'chiuno. N'chifukwa chake ndailemba. Sukulu ndidalekezera Sitandade 4, koma cholembera ndimachigwira, ndipo bodza sindilemba.

Zidachitika zaka zimene ankamanga likulu latsopano ku Lilongwe. Ndidali nditagulitsa nsomba zouma pa njinga zaka makumi awiri, kuchokera ku Senga Bay mpaka m'misika ya ku Dowa. Chimene ndinkafuna chidali chimodzi: boti la injini langalanga, lokaphera utaka ku Mbenji. Mzungu wina wa esiteti ya fodya kuseri kwa Namitete adali nalo. Ankabwera nalo kunyanja nthawi ya tchuthi, atalikweza pa ngolo yachitsulo ya matayala awiri yokokedwa ndi galimoto. Botilo ndinkalidziwa thabwa lililonse. Nditamva kuti mwini wake akubwerera kwawo, ndidatumiza mawu, tidagwirizana. Adandigulitsa boti, injini ndi ngolo yomwe. Galimoto adali atagulitsa kale kwa wina. Yokokera ndidayenera kupeza ndekha.

Ku Mbenji sapita mwachisawawa. Chilumbacho amachitseka nthawi ya mvula n'kudzachitsegula mu Epulo, ndipo pofika tsiku lotsegulalo alovi onse odziwa kukoka ukonde amakhala atapeza kale boti lokwera. Wochedwa amatsala ndi zidakwa. Ine ndidapangana ndi Che Ajibu, mkulu wa alovi asanu ndi atatu, munthu wodziwa pamene utaka umasonkhana. Adandiuza poyera, mkazi wanga Nabanda akumva.

"A Mbewe, atsegula Loweruka. Boti likakhala pamadzi Loweruka m'mawa, ndife anu. Likapanda kufika, musadzatinene. Anthuwa ali ndi ana."

"Lachinayi likhala lili pano," ndidatero.

"Insha Allah," adatero iye.

Ndidanyamuka Lolemba pa basi ya m'mawa. Pakhomo pa basi padaima anyamata a chipani, kuona makhadi. Mayi wina adaiwala lake kunyumba. Adamutsitsira mtolo wake pansi, iye n'kukhala pamtolopo osasuntha, ndipo tonse tidadikira mpaka mwamuna wake atathamanga nalo khadilo. Ku Lilongwe tidafika dzuwa litapendeka. Ndidagula chilimira, ukonde waukulu wa utaka, m'sitolo ya mmwenye. Ndidagulanso zingwe ndi dilamu la petulo. Ndidagona kwa msuweni wanga.

Lachiwiri lonse lidathera pofuna galimoto. Zambiri zidali pa ntchito yotuta mchenga ndi njerwa. Zina zidalibe chitsulo chokolekera ngolo kumbuyo. Ndidayenda mpaka mapazi adatentha. Kuseri kwa msika ndidapeza mapikapu awiri okhala ndi chitsulocho, ataima pansi pa mtengo umodzi.

Yoyamba idali yakale, yaitali msinkhu, yamatayala akumbuyo ngati a lole. Penti yake idali yobiriwira kalekale. Mwini wake, a Zakeyu, adali mdala wa imvi, wamkulu kuposa ine. Adakhala pa chitini akusenda nzimbe. Nditafika sadadzuke.

"Botilo ndi mapazi angati?" adafunsa.

"Makumi awiri ndi awiri."

"Katundu wina?"

"Injini, chilimira, dilamu la petulo, anangula awiri."

"Zonsezo zikwera pamsana pa galimoto yangayi. Boti liyenda lopanda kanthu, ndipo ndilimanga ndekha. Kwanu tikafika Lachisanu. Pa Mvera ine ndimatsika ngati kamba."

"Injini malo ake ndi kumbuyo kwa boti," ndidatero.

"Pamadzi. Kuno kulibe madzi."

"Mudakwerapo boti inu?"

"Ayi. Nanga inu, mudakokapo ngolo?"

Adalavula zotsalira za nzimbe, n'kuyamba kusenda mfundo ina.

Yachiwiri idali yoyera, yatsopano, yaifupi, ya wailesi m'kati. Woyendetsa wake, Lenadi, adali bambo wa zaka ngati makumi atatu. Adadzuka, adavula chipewa.

"Bwana, musavutike. Tsiku limodzi basi. Lachinayi mukadyera kwanu. Katundu muika mmene mukufunira, boti ndi lanu."

Mtengo sudasiyane. Ndidaizungulira galimotoyo monga ndimazungulirira bwato ndisanagule. Ndidaigogoda m'mbali. Ndidaikankha ndi dzanja limodzi, idagwedezeka. Ndidati mumtima, bwato lopepuka ndilo limathamanga. Komanso sindidafune kuti boti langa likafike padoko lili mbee ngati bokosi la maliro, injini ili pa galimoto ya munthu wina. Ndinkafuna anthu akalione litavala zonse.

Ndidasankha yoyera. Podutsa pamene adakhala a Zakeyu, adayankhula osandiyang'ana.

"Imeneyo njonyamula akwati."

Ndidangopitirira.

Lachitatu m'mawa tidapita ku Namitete. Mzungu adali atachoka. Kapitawo wake adatitsegulira shedi, boti lili pa ngolo yake, mavu atamanga zisa pansi pa mipando. Tidataya ola lathunthu pofukiza mavuwo. Tayala limodzi la ngolo lidali lophwa, pampu ya esiteti idasowa, tidatuma munthu kukabwereka ya njinga kumudzi.

Katundu ndidapakira ndekha, monga ndapakirira moyo wanga wonse. Pamadzi cholemera chimakhala kumbuyo, kuti mphuno ya boti idzuke, izikwera mafunde a mwera. Ukalemetsa kutsogolo, boti limamwa madzi. Choncho injini ndidaimanga kumbuyo pamalo pake. Dilamu pafupi nayo. Chilimira ndi anangula pomwepo.

Kapitawo adakanda m'mutu. "Abwana injini ankaiika m'galimoto," adatero.

"Abwana anu ankabwera kunyanja kawiri pachaka. Ine ndidabadwira komweko."

Ngolo imeneyi ili ndi mkono wachitsulo kutsogolo, wokolekera ku galimoto. Titamaliza kupakira, mkonowo udadzuka wokha, kuloza kumwamba. Anthu awiri adachita kuutsamira kuti utsike tiukoleke. Ine ndidakondwa. Ndidati ndiye kuti galimoto siimva kulemera.

Tidanyamuka masana. Tisanatuluke n'komwe mu Namitete, Lenadi adaima.

"Chavuta n'chiyani?"

"Amayiwa akupita kutauni, bwana. Ya sopo chabe."

Adakweza amayi anayi ndi maungu awo, ndi matumba a mbatata. Pa Msundwe adakweza bambo wa matumba atatu a chimanga ndi mbuzi yomangidwa miyendo. Pamtengo uliwonse pamene padaima munthu, ifenso tidaima. Wina atsike, wina akwere, wina akangane za tambala ziwiri. Mayi mmodzi wa maungu, wonenepa, wa mpango wofiira, adasuzumira pawindo langa.

"Madala, botili madzi ake ali kuti? Kapena mwalota chigumula cha Nowa?"

Anzake adaseka mpaka mbuzi idalira.

"Chikabwera, inu sindidzakukwezani," ndidatero.

"Iii, mudzandisiya ndi maungu angawa? Nanga m'chingalawamo muzikadya chiyani, ukonde?"

Tidalowa mu Lilongwe dzuwa likulowa, ulendo wa maola awiri utadya masana onse. Koma ndinene zoona: tsiku limenelo galimoto idayenda mowongoka, ngolo ikutsatira mwaulemu. Sindidadziwe kuti adali maungu ndi chimanga chija zimene zinkapanikiza matayala akumbuyo pansi. Ndidangoona kuchedwa. Ndidamuuza Lenadi kuti galimoto ndalipira yonse, ndipo mawa kumbuyoko sikukwera munthu, ngakhale nkhuku.

"Mmene mwaneneramo, bwana," adatero.

Lachinayi tidalawirira. Titapitirira Kanengo, pamphambano ya msewu wa ku Salima, wapolisi adakweza dzanja. Msewu watsekedwa. Mtsogoleri wa dziko akupita kukayendera mbewu m'minda, adutsa pomwepa.

"Nthawi yanji?" adafunsa Lenadi.

"Akamadutsa mudzaona," adatero wapolisi.

Adatiuza kuti boti tilikankhire kutali ndi msewu. Wapolisi wina adakwera m'botimo, adafunyulula chilimira chonse kuti aone chimene chili pansi, n'kuchisiya chomwecho. Ukonde watsopano ukasokonezeka, kuupinda ndi ntchito ya anthu atatu. Ndidaupinda ndekha, padzuwa. Malole a amayi ovala nsalu za chipani ankadutsa akuimba. Ana a sukulu adawandandika m'mbali mwa msewu ndi timbendera, ena adayamba kukhala pansi, aphunzitsi n'kumawadzutsa. Wogulitsa nzimbe zidamuthera, adayamba kugulitsa madzi a m'chidebe. Mbusa wina amene ankapita ku maliro ku Dowa adangokhala pa sutikesi yake, akuyang'ana wotchi. Palibe adadandaula mokweza. Masiku amenewo munthu sunkadziwa amene waima pambali pako.

Mtsogoleri adadutsa cha m'ma thu koloko. Tidaimirira, tidaomba m'manja. Fodya wopichira sakadatha n'komwe, magalimoto onse adali atapita. Kenako tidadikiranso kuti malole a amayi aja atsogole.

Lenadi adaponda mafuta kuti abweze nthawi. Kumbuyo kwa pikapu kudalibe kanthu, monga ndidalamulira. Titapitirira Chankhungu, ngolo idayamba kupukusa mchira ngati mlamba uli pamchenga. Ikapita kumanja, galimoto nayo kumanja. Ikabwerera, ifenso tibwerere. Lenadi adazima wailesi.

"Bwana, kumbuyoku kukuyandama."

"Chepetsa liwiro."

Adachepetsa. Pa chitunda china chapafupi ndi Chezi, pamene phula lidakumbika n'kutsala miyala, matayala akumbuyo adangozungulira pamalo amodzi, fumbi kobo. Anthu a pamalopo adabwera kudzakankha. Atatu adakwera kumbuyo kwa pikapu kuti aone bwino boti, ndipo nthawi yomweyo matayala adagwira, tidakwera. Pamwamba adatsika. Lenadi adandiyang'ana.

"Bwana, bwanji injini ija tiikweze muno? Ndi dilamu lomwe. Sititaya nthawi."

"Iwe yendetsa galimoto. Za boti zisiye."

"Kapena tikwezeko anthu awiri atatu."

"Ndanena kale."

Munthu uja ndidamusankha chifukwa sankatsutsa, ndipo sadatsutse.

Kuchokera pa Mvera msewu umatsika, kukhota, kutsikanso. Pa kona yoyamba ndidamva fungo la mabuleki, ngati mphira wapsa. Pa yachiwiri boti lidayamba kutikankha. Lenadi ankaponda, galimoto osamva. Chopepuka sichingaletse cholemera. Tidatsika chomwecho mtunda wautali, iye akulimbana ndi chiwongolero, thukuta lili kamukamu, akutchula dzina la Yesu ndi la mayi ake mosinthanasinthana. Tidatsala pang'ono kumaliza mapiri. Pa kona ina yakumunsi ndidatembenuka, ndidaona boti langa pawindo, likufuna kutipitirira.

Tidapezeka m'ngalande. Pikapu idagona chammbali, tayala lakumbuyo litapindikira m'kati. Ngolo idatsetsereka n'kutsamira chipupa cha dothi. Ine ndidatemeka pachipumi. Lenadi sadavulale. Ndidathamangira ku boti. Injini idali bwino. Thabwa limodzi lakumbuyo lidang'ambika, kutalika ngati mkono wanga.

Lenadi adakhala pansi, manja kumutu.

"Galimotoyi si yanga, bwana. Nja alamu anga. Ndikawauza chiyani?"

Chowauza chidalipo: wolakwa ndidali ine. Adakwera basi yomaliza yopita ku Lilongwe kukafuna amakanika. Anthu a m'mudzi wapafupi adandithandiza kumasula ngolo ku pikapu. Ndidagona m'boti.

Lachisanu lidali tsiku lalitali kuposa onse. Ndidaima pamsewu kuyambira m'mawa. Basi idadutsa, anthu akuloza. Lole ya simenti idaima, dalaivala adayang'ana, adati alibe pokolekera. Galimoto ya boma idachepetsa liwiro, woyendetsa adapukusa mutu, saloledwa. Wina wa lole yopanda katundu adati tikweze boti pamwamba, koma pafunika amuna makumi awiri ndi mitengo iwiri yaitali. Amuna adali kuminda. Adadikira pang'ono, adapita. Mayi wina wa m'mudzimo adandibweretsera mbatata zootcha ndi madzi. Magazi a pachipumi adauma, ntchentche zidandipeza. Ndinkayang'ana dzuwa. Kuchokera pamenepo kukafika kunyanja ndi ulendo wa maola awiri pa galimoto. Ndinkati, ingopezeka imodzi.

Sidapezeke. Dzuwa litapendeka, kudabwera mlimi wa thonje, a Chisale, wamfupi, wa chipewa cha mlaza. Adamva kumudzi kuti pamsewu pagwa boti. Adati ali ndi ng'ombe zinayi zapagoli.

"Ng'ombe zingakafike kunyanja mawa m'mawa?" ndidafunsa.

"Ng'ombe si basi, bambo."

Ndidayang'ana msewu, uku ndi uku. Kudalibe kanthu. Ndidati abwere nazo.

Atabwera nazo, adaima patsogolo pa ngolo, akuyang'ana mkono uja ukuloza kumwamba.

"Adapakira ndani?"

"Ine."

"Mukufuna kundinyongera ng'ombe? Katundu akalemera kumbuyo, goli limakwera, chingwe chimagwira pakhosi. Ndiye zikoka ndi chiyani, mapazi ali m'malere? Zanga sindikoleka pamenepa."

Adatero a Chisale, anthu a m'mudzi akumva. Ndidakwera m'boti. Ndidamasula injini ndi manja angawa. A Chisale adagwira mbali ina, tidainyamula mpaka kumphuno. Tidagubuduza dilamu. Tidakoka chilimira ndi anangula. Mkono wa ngolo udatsika pang'onopang'ono, udagunda pansi, udakhazikika. Palibe adaseka. Ndikadakonda akadaseka.

Mkonowo tidaumanga ku unyolo wa goli ndi zingwe zanga za nangula. Ng'ombe zidakoka, amuna adakankha, ngolo idatuluka m'ngalande. Ndipo idatsatira mowongoka, osapukusa mchira ngakhale kamodzi.

Tsiku limenelo tidayenda pang'ono, kudada. Loweruka tidalawirira tambala atangolira. A Chisale ankayenda pambali pa ng'ombe, akuzitchula maina, ine kumbuyo ndi mwala m'manja, woika pansi pa tayala tikaima pokwera. Dzuwa litatuluka bwino, nthawi imene maboti amanyamuka, tidali pa kamtsinje kena, ng'ombe zikumwa madzi. Zinkamwa mosafulumira. Ina idakweza mutu, idayang'ana uku ndi uku, idayambiranso. Ndidakhala pamwala wangawo.

"Mwatopa, bambo?" adafunsa a Chisale.

"Ayi."

"Kwerani m'botimo, ndi lanu."

"Ndiyenda."

Magalimoto ankatipitirira akuliza mahutala. Tayala lija la pampu ya njinga lidaphwanso, tidalipopa kawiri ndi pampu zobwereka. Ng'ombe imodzi idayamba kutsimphina, tidaichotsa mwala pachiboda. Pa Kaphatenga tidafika madzulo, miyendo yanga itatupa.

Lamulungu a Chisale adavala jekete limene adalipinda m'thumba.

"Tiyeni tikoleke," ndidatero.

"Lero? Ine ndine mkulu wa mpingo, bambo. Ng'ombe zanga sizidagwirepo goli pa Sabata."

"Kwatsala pang'ono."

"Chimene mumathamangira chidali dzulo. Mwanena nokha. Tiyeni kutchalitchi."

Sindidapite. Ndidakhala pansi pa mtengo tsiku lonse, kulondera katundu, ng'ombe zikudya msipu. Ndidaliyang'anitsitsa thabwa long'ambika lija, ndidayeza ndi chikhatho, ndidadziwa misomali imene idzafunike.

Lolemba tidadutsa pa boma la Salima msika uli m'kati. Ogulitsa nsomba onse amandidziwa. Wina adakuwa kuti, "A Mbewe, injini zanu zinayizi zimamwa petulo wanji?" Wina adati ndikazikweze ng'ombezo m'boti zikakoke chilimira. Ndidayenda mutu uli chilili. Pamenepo mpamene padabadwira mabodza onse amene akukambidwa mpaka lero.

Ku Senga Bay tidafika masana, dzuwa likuswa mtengo. Padoko padalibe boti la injini ngakhale limodzi. Mathandala oyanikira nsomba adali mbee. Nabanda adabwera, adayang'ana chipumi changa, adayang'ana ng'ombe.

"Adadikira," adatero. "Anzawo onse atanyamuka, iwo adatsala. Che Ajibu adaima m'madzi mpaka m'mawondo, maso ali kumsewu. Dzuwa litafika apa, alovi adayamba kukwera boti la munthu wa ku Chipoka. Iwo adakwera pomaliza."

"Adasiya mawu?"

"Adati mukafika mudye kaye."

Ndidadya. A Chisale adagona kwathu, m'mawa adabwerera ndi ng'ombe zawo ndi mtolo wa utaka wouma wa chaka chatha.

Thabwa ndidalikonza masiku atatu. Boti lidalowa m'madzi, silidadonthe. Koma chilimira sakoka munthu mmodzi. Ndidayenda madoko onse, mpaka ku Chipoka. Otsala adali aja osadzuka m'mawa, ndipo ku Mbenji mowa saloleza. Ukonde ndidaupachika kudenga, kuopa makoswe.

Chaka chimenecho boti langa lidagwira ntchito yotuta. Ndinkapititsa nkhuni, ufa ndi mchere kuchilumba, pobwera n'kunyamula utaka wa anthu ena. Ulendo woyamba, amene adatsika kudzalandira nkhuni adali Che Ajibu. Adanenepa kale, manja ali ndi mamba. Adalizungulira boti, madzi ali m'chiuno. Adagogoda pachigamba. Adasuzumira injini.

"Boti labwino, a Mbewe."

"Ndikudziwa."

"Utaka chaka chino ulipo. Dzulo tadzaza kawiri." Adasisita mphuno ya boti. "Ndidayang'ana kumsewu mpaka maso adawawa."

"Ndidamva."

"Chaka chamawa, Mulungu akalola."

"Nkhuni zanu ndi izo. Tsitsani, ndikufuna kubwerera mwera usanayambe."

Adayamba kutsitsa, mtolo umodziumodzi, akusenza pamutu mpaka kumtunda. Idali mitolo yambiri, ndipo alovi ake adali kukagona. Ndidamuyang'ana akupita, akubwera, akupita. Kenako ndidapinda buluku, ndidatsikira m'madzi, ndidasenza nane.